Mboni Ikanama M'khoti: Mafunso ndi Mayankho

Woweruza sakhalapo pamene mlandu ukupalamulidwa. Zonse amachita kumva kwa ena, ndiye pakamwa pa mboni pakakhota, chigamulo nachonso chimakhota. Mafunso ali m'munsiwa amafunsidwa kawirikawiri ndi anthu amene asemeredwa chinyau, komanso ndi amene aitanidwa kukaperekera umboni ndipo mtima uli m'mwamba. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, choncho amene ali ndi mlandu pakali pano akambirane ndi loya wa m'dziko lakelo. Koma mfundo zikuluzikulu n'zofanana m'makhoti ambiri.

Kodi umboni wabodza n'chiyani kwenikweni pamaso pa malamulo?

Si mawu onse olakwika amene ali mlandu. M'mayiko ambiri pamafunika zinthu zitatu. Munthuyo akhale kuti analumbira kuti anena zoona, kaya atagwira buku lopatulika la chipembedzo chake kapena atangolonjeza pamaso pa khoti, pakuti ziwirizi mphamvu yake ndi imodzi. Akhalenso kuti ankadziwa kuti zimene akunenazo n'zabodza, kapena sankazikhulupirira iye mwini. Ndipo bodzalo likhale lokhudza mfundo imene ingasinthe kayendedwe ka mlandu. Mboni imene yadzichotsera zaka ziwiri pouza khoti msinkhu wake pa mlandu wakuba njinga sinasokoneze chilichonse, koma zaka ziwiri zomwezo pa mlandu wogona ndi mwana wamng'ono ndiye pagona nkhani yonse. Chikalata cholumbira chimene munthu amasaina pamaso pa loya nachonso chimawerengedwa, ngakhale mwini wakeyo asanaponde m'khoti.

Pali kampata kena kamene ochenjera amadutsirapo. Mu 1973 khoti lalikulu kwambiri la ku America linaweruza nkhani ya Samuel Bronston, amene atafunsidwa ngati anakhalapo ndi akaunti kubanki ya ku Switzerland anayankha kuti kampani yake inali nayo ku Zurich kwa miyezi pafupifupi 6. Zinali zoona ndithu, kungoti anabisa kuti iyenso anali ndi yakeyake. Khotilo linati yankho loona, ngakhale likhale losocheretsa, si umboni wabodza. Ndi ntchito ya loya wofunsayo kuona kuti mboni yazemba funso, n'kulibwereza mpaka liyankhidwe.

Ndiye mboni inganene zosachitika koma osakhala kuti ikunama?

Inde, ndipo mboni yotereyi ndi yoopsa kuposa wabodza weniweni, chifukwa ilibe chobisa choti loya angachifukule. Imalankhula ndi mtima wonse, misozi ili m'maso, ndipo aliyense m'khotimo amaikhulupirira.

Mu 1984 Jennifer Thompson anagwiriridwa m'nyumba mwake ku North Carolina. Pa nthawi ya zoopsayo anayesetsa kuyang'anitsitsa nkhope ya chigawengacho n'cholinga choti adzachizindikire. Analoza Ronald Cotton pa zithunzi za apolisi, anamulozanso pa mzere wa anthu, anamulozanso m'khoti. Pamene mlanduwo unazengedwanso mu 1987, mwini mlandu weniweni, Bobby Poole, anabweretsedwa pamaso pake, mayiyo n'kunena kuti munthu ameneyo sanamuonepo. Cotton anakhala m'ndende zaka zoposa 10 kufikira mu 1995, pamene kuyeza kwa DNA kunasonyeza kuti wopalamula anali Poole. Thompson sananame ngakhale pang'ono. Nkhope ya Cotton inali italowa m'malo mwa nkhope yeniyeniyo m'maganizo mwake.

Chikumbukiro cha zimene tinaona sichisungika monga kanema wojambulidwa. Nthawi iliyonse tikamakumbukira timachita kumanganso nkhaniyo, ndipo zimene tamva pambuyo pake zimalowerera. Mu 1974 Elizabeth Loftus ndi John Palmer anaonetsa anthu kanema wa ngozi ya galimoto. Ena anawafunsa liwiro la galimotozo pamene zinkaphwanyana, ena pamene zinkagundana. Oyambawo anatchula liwiro lokwera. Patapita sabata onse anafunsidwa ngati anaona magalasi osweka: mwa anthu 50 a gulu loyamba 16 anati anawaona, pamene m'gulu linalo anali 7 okha. M'kanemamo munalibe galasi losweka. Funso lokha ndi limene linawaikira magalasiwo m'mutu.

Bungwe la Innocence Project, lothandiza anthu omangidwa osalakwa, limene Barry Scheck ndi Peter Neufeld anayambitsa mu 1992, linapeza kuti mwa anthu 375 amene DNA inawayeretsa ku America, pafupifupi 69 pa 100 alionse anamangidwa mboni yoona ndi maso italoza munthu wolakwika.

Nanga khoti limadziteteza bwanji kwa mboni yoloza munthu wolakwika?

Mu 1976 khoti la apilo ku England, pa mlandu wa Turnbull, linaika mafunso amene makhoti a mayiko ambiri amawatsatira mpaka lero. Mboniyo inamuona munthuyo kwa nthawi yaitali bwanji? Inali patali bwanji? Kunali kowala kapena mdima? Panali chotchinga? Inkamudziwa kale? Panapita nthawi yaitali bwanji isanamulozenso kupolisi? Ndipo funso lolemera kuposa onse: kodi maonekedwe amene inafotokoza koyamba akugwirizana ndi munthu ali m'bokosiyo? Woweruza amayenera kudzichenjeza kuti mboni yotsimikiza ingathe kukhala yolakwitsa, ndiponso kuti mboni zingapo zingathe kulakwitsa limodzi.

Mzere wolozera woganiziridwa uyenera kukonzedwa mwachilungamo. Anthu oimikidwawo afanane msinkhu ndi maonekedwe, mboni iuzidwe kuti mwina wopalamulayo palibe pamzerepo, ndipo wapolisi woyendetsa mwambowo akhale wosadziwa kuti woganiziridwa ndi uti, kuopa kuti angalozere ndi diso kapena ndi kutsokomola. Kuloza munthu kwa nthawi yoyamba ali kale m'bokosi la wozengedwa mlandu kulibe phindu kwenikweni. Ndani angaloze wina, woti aloze akuonekeratu?

Chimachititsa anthu kunama atalumbira n'chiyani?

Ndalama, mantha, chibale, chidani, ndi kudzipulumutsa. Zinayi zoyambazo aliyense amazidziwa. Chachisanuchi n'chimene makhoti amachiopa kwambiri, chifukwa wopalamula mnzake wa wozengedwa mlandu, kapenanso wopalamula weniweniyo, amadziwa bwino mmene zinthu zinayendera ndipo bodza lake limakhala losokedwa ndi ulusi wa zoona. Timothy Evans ananyongedwa ku London mu 1950 pa mlandu wopha mwana wake. Mboni yaikulu ya boma inali John Christie, amene ankakhala m'nyumba yomweyo. Mu 1953 mitembo ya amayi inapezeka m'nyumbamo, Christie n'kudziwika kuti anali chigawenga chopha anthu.

Gulu lina ndi la akaidi amene amati mnzawo wa m'selo anawaululira mlandu. Mu 1988 mkaidi wina ku Los Angeles, Leslie Vernon White, anasonyeza akuluakulu mmene ankachitira: ankaimba foni ali m'ndende momwemo, kunamizira kuti ndi wogwira ntchito m'boma, n'kutolera tsatanetsatane wa mlandu wa munthu amene sanalankhulepo naye, kenako n'kupeka kuti munthuyo anavomera. Malipiro ake anali kuchepetseredwa chilango. N'chifukwa chake funso loyamba kwa mboni iliyonse yotere ndi lakuti: mwalonjezedwa chiyani?

Kodi woweruza wodziwa ntchito sangazindikire wabodza pongomuyang'ana?

Ambiri amakhulupirira kuti angathe, koma kafukufuku amawatsutsa. Mu 2006 Charles Bond ndi Bella DePaulo anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku woposa 200, n'kupeza kuti anthu amalondola pa 54 pa 100 paliponse posiyanitsa bodza ndi zoona. Wongolota chabe amalondola theka. Apolisi ndi ena amene ntchito yawo ndi yofunsa anthu sachita bwino kwenikweni kuposa anthu wamba, kungoti amadzidalira kwambiri.

Kuyang'ana pansi, kutuluka thukuta, chibwibwi, kupotokola zala, zonsezi ndi zizindikiro za mantha, ndipo khoti ndi malo oopsa kwa munthu aliyense amene sanazolowere. M'zikhalidwe zambiri kuyang'ana wamkulu m'maso ndi mwano, ndiye mboni yaulemu imaoneka ngati ikubisa kanthu. Umboni ukamadutsa mwa womasulira, ngakhale kamvekedwe ka mawu kamatayika panjira. Koma kathyali wozolowera amaima chilili, amayang'ana jaji m'maso, mawu ake ali myaa. Woweruza wodalira nkhope amalanga wamanyazi n'kumasula wolimba mtima. Pa chifukwa chomwechi, mboni yosauka, yosaphunzira, chidakwa kapena imene inamangidwapo siyenera kutayidwa isanamvedwe. Wamisala anaona nkhondo.

Ngati si pa nkhope, bodza limagwidwira pati?

Limagwidwa poika mawu a mboni pambali pa zinthu zimene sizingasinthe mawu: mapepala, nthawi, mtunda, ndi zimene mboni yomweyo inanena kale.

Chida choyamba ndi sitetimenti imene mboni inapereka kupolisi nkhani ili yaiwisi, isanakambirane ndi anthu, isanadziwe kuti mlandu ulowera kuti. Munthu akanena kupolisi kuti sanaone nkhope chifukwa kunali mdima, n'kudzafika m'khoti patapita chaka akufotokoza ngakhale chipsera cha pachipumi, ayenera kulongosola kumene kuwalako kwachokera. Kukumbukira kumachepa ndi nthawi, sikuwonjezeka.

Chachiwiri ndi mafunso a loya wa mbali inayo. Anthu amaganiza kuti luso lake ndi kukalipa, koma loya wabwino amayamba mofatsa, n'kuilola mboni kuti itsimikize nkhani yake mbali zonse mpaka itatseka yokha makomo onse othawira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu 1858 Abraham Lincoln, asanakhale mtsogoleri wa dziko la America, ankaimira Duff Armstrong pa mlandu wakupha ku Illinois. Mboni ya boma inati inaona zonse bwinobwino usiku, ili chapatali, chifukwa mwezi unali pamutu ukuwala. Lincoln anaisiya kuti ibwereze zimenezo kangapo, kenako anatulutsa buku losonyeza kayendedwe ka mwezi m'chakacho. Pa ola limenelo mwezi unali utapendekeka, uli pafupi kulowa. Armstrong anamasulidwa.

Masiku ano ntchito ya buku lija imagwiridwa ndi zinthu zambiri: mbiri ya mafoni yosonyeza amene anaimbirana ndi dera limene foni inali, makamera a CCTV, mapepala akubanki, zidindo za m'pasipoti, kaundula wa kuchipatala kapena wa kuntchito. Jonathan Aitken, amene anali nduna ya boma ku Britain, anasumira nyuzipepala ya The Guardian italemba za yemwe anamulipirira hotela ya Ritz ku Paris mu 1993. Iye analumbira kuti amene analipira anali mkazi wake. Mu 1997, mlandu uli mkati, panapezeka mapepala a ndege ndi a galimoto yobwereka osonyeza kuti mayiyo anali ku Switzerland, sanafike ku Paris n'komwe. Mlandu unathera pomwepo, ndipo mu 1999 Aitken anagamulidwa kukakhala kundende miyezi 18. Palibe amene anamugwira chifukwa cha kuphethira kwa maso.

Ofufuza aluso amatsatiranso mfundo yomweyi asanafike kukhoti. Sayamba ndi kuonetsa umboni umene ali nawo. Amamusiya munthu afotokoze yekha momasuka, amafunsa tsatanetsatane, ndipo pomaliza ndi pamene amatulutsa chithunzi kapena lisiti. Wonena zoona nkhani yake imakumana ndi umboniwo payokha. Wabodza amene sakudziwa zimene apolisi akudziwa amadzikola yekha. Amene wauzidwiratu zonse amangosoka bodza lake mozungulira umboniwo.

N'chifukwa chiyani mboni zimadikirira panja mnzawo akamapereka umboni?

Kuti zisakonze nkhani yawo potengera zimene zamva. Nzeru imeneyi ndi yakalekale. M'nkhani ya Suzana, imene ili m'Mabaibulo a Akatolika pa Danieli 13, akuluakulu awiri ananamizira mayi kuti anamupeza akuchita chigololo m'munda. Danieli anawalekanitsa, n'kufunsa aliyense payekha kuti zinachitikira pansi pa mtengo wanji. Anatchula mitengo iwiri yosiyana. Anthu opangana bodza amagwirizana pa mutu wa nkhani, koma sangathe kupanganiratu yankho la funso lililonse laling'ono: anafika ndani poyamba, munakhala mbali iti, munabwerera pa chiyani.

Ndiye mboni ziwiri zikasiyana mawu, ina mwa izo ikunama?

Osati nthawi zonse. Anthu awiri oona ngozi imodzi amaima malo osiyana ndipo chidwi chawo chimakhala pa zinthu zosiyana. Wina ati malaya anali ofiira, wina ati ofiirira. Wina ati inali 4 koloko, wina ati dzuwa linali litapendeka. Kusiyana kotere n'chizindikiro chakuti sanapangane. Chokayikitsa kwambiri ndi mboni zitatu zofotokoza ndi mawu amodzimodzi, mndandanda umodzimodzi, ngakhale kuiwala chinthu chimodzimodzi. Khoti limayang'ana ngati kusiyanako kuli pa nthambi kapena pa tsinde: mtundu wa malaya ndi nkhani ina, koma ngati wina akuti kunali mpeni wina akuti kunalibe, pamenepo mpofunika kufukula.

Bwanji osangogwiritsa ntchito makina oyezera bodza?

Chifukwa makinawo sayeza bodza. Amayeza kugunda kwa mtima, kuthamanga kwa magazi, kapumidwe ndi thukuta, ndipo zimenezi zimakwera mwa wolakwa ndi mwa wosalakwa wamantha yemwe. Khoti lina ku America linakana umboni wa mtundu umenewu kale mu 1923 pa mlandu wa Frye, ndipo makhoti a milandu yaupandu m'mayiko ambiri sauvomera mpaka pano. Aldrich Ames, wogwira ntchito ku CIA, bungwe la ukazitape la America, amene ankagulitsa zinsinsi ku Soviet Union, anapambana mayeso a makinawa kawiri asanagwidwe mu 1994.

Mboni ikagwidwa bodza limodzi, umboni wake wonse umatayidwa?

Kale kunali mfundo yakuti wonama pa chimodzi ndi wonama pa zonse, koma makhoti ambiri saitsatiranso ngati lamulo. Woweruza ali ndi ufulu wokhulupirira mbali ina ya umboni n'kukana ina. Munthu angabise kuti usikuwo anali kwa chibwenzi, koma n'kunena zoona zokhazokha pa ndewu imene anaona ali kumeneko. Komabe mboni yogwidwa bodza imakhala itadzichotsera ulemu, ndipo zotsala zake zimafuna umboni wina woziikira kumbuyo.

N'chimodzimodzinso ndi wozengedwa mlandu. Pa mlandu wa Lucas mu 1981, khoti la apilo ku England linachenjeza kuti bodza la woimbidwa mlandu palokha silitanthauza kuti ndi wolakwa. Anthu amanama chifukwa cha manyazi, pofuna kubisira abale awo khalidwe lina, kapena pofuna kulimbitsa nkhani imene ili yoona kale. Chomvetsa chisoni n'chakuti wosalakwa amene wapeka umboni woti anali kwina, ukaululika, amaoneka wolakwa kuposa mmene akanaonekera akanangonena zoona.

Kodi apolisi ndi akatswiri nawonso amanama?

Amatero, ndipo bodza lawo limapweteka anthu ambiri nthawi imodzi chifukwa makhoti amawakhulupirira msanga. Annie Dookhan, amene ankayeza mankhwala osokoneza bongo mu labotale ya boma ku Massachusetts, ankalemba zotsatira za zinthu zimene sanaziyeze n'komwe. Mu 2017 milandu yoposa 20,000 imene inadalira ntchito yake inafafanizidwa. Njira zothana ndi vutoli n'zodziwika: kujambula mawu ndi kanema pamene woganiziridwa akufunsidwa kupolisi, kusunga kaundula wa aliyense amene wagwira katundu wa umboni kuchokera pamalo a upandu mpaka m'khoti, ndi kulola mbali inayo kubweretsa katswiri wake.

Woimira boma pa milandu ali ndi udindo woposa kungopambana. Mu 1959, pa mlandu wa Napue, khoti lalikulu la ku America linathetsa chigamulo chifukwa woimira boma anangokhala chete pamene mboni yake inkanama kuti sinalonjezedwe kanthu. Loya wa mbali iliyonse saloledwa kuitana mboni imene akudziwa kuti ikanama, ndipo wochita zimenezo angachotsedwe pa ntchito ya uloya.

Nanga mboni imene yatembenuka m'khoti, kukana zimene inanena kupolisi?

Mbali imene inaiitana ingapemphe khoti kuti iione ngati mboni youkira, ndipo ikaloledwa imaipanikiza ndi mafunso pogwiritsa ntchito sitetimenti yake yoyamba ija. Chovuta n'kudziwa kuti bodza ndi liti, loyamba kapena lachiwiri. Mwina apolisi anaikakamiza, mwinanso yaopsezedwa kapena yadyetsedwa chibanzi pambuyo pake.

Ku India, Jessica Lal anawomberedwa mu 1999 pa phwando la anthu ambiri ku Delhi. Mboni zikuluzikulu zinatembenuka, ndipo mu February 2006 woimbidwa mlandu, mwana wa wandale, anamasulidwa. Anthu atakwiya kwambiri, khoti lalikulu la Delhi linaunikanso mlanduwo n'kumupeza wolakwa mu December chaka chomwecho. Ngakhale khoti la ICC ku The Hague, lozenga milandu ya nkhanza zikuluzikulu za m'mayiko osiyanasiyana, linakumana nazo. Mu October 2016 linapeza Jean-Pierre Bemba wa ku Democratic Republic of Congo, loya wake ndi anthu ena atatu olakwa pa nkhani yosokoneza mboni. Mboni 14 zinaphunzitsidwa zokanena, ndalama zikuyenda. Chinawaulula ndi mafoni amene anatcheredwa khutu ndi mapepala otumizira ndalama. Mu 2018 Bemba anamasulidwa pa mlandu waukulu wa nkhanza za pankhondo, koma wa mboniwu unamukakamira.

Kulanga mboni yamantha osaiteteza n'kupanda chilungamo. N'chifukwa chake mayiko ena ali ndi malamulo obisa dzina la mboni, oilola kulankhula ili kuseri kwa chotchinga kapena pa kanema, ngakhale kuisamutsa kumene. America inayamba ndondomeko yotere ndi lamulo la mu 1970. Koma chitetezo chotsika mtengo kuposa zonse ndi kuzenga milandu msanga. Mlandu ukamangoimitsidwa chaka ndi chaka, oopseza ndi ogula mboni amapeza nthawi yokwanira.

Chilango cha umboni wabodza n'chotani, ndipo bwanji sitimva kawirikawiri kuti wina wamangidwa?

Kalelo chinali choopsa. Malamulo a Hammurabi, mfumu ya ku Babulo pafupifupi zaka 1750 Yesu asanabadwe, ankati mboni yonama pa mlandu wa chilango cha imfa iphedwe. Deuteronomo 19 imati mboni yonama ilandire chimene inkafunira mnzakeyo. Lero ndi ndende: ku England mpaka zaka 7 potsatira lamulo la mu 1911, m'makhoti a boma lalikulu la America mpaka zaka 5. Wotuma mnzake kuti akaname amalangidwa ngati wonamayo. Jeffrey Archer, wandale wa ku Britain, anapambana mapaundi 500,000 pa mlandu woipitsiridwa mbiri mu 1987. Patapita zaka, mnzake amene Archer anamupempha kuti amunamire anaulula, ndipo mu 2001 Archer anagamulidwa zaka 4. Mlandu suwola.

Komabe milandu yotere ndi yochepa poyerekeza ndi mabodza amene amanenedwa m'makhoti tsiku ndi tsiku. Kutsimikiza kuti munthu ananena zolakwika n'kosavuta. Kutsimikiza kuti ankadziwa n'kumene kumavuta, chifukwa aliyense angathe kunena kuti anasokonezeka. M'malamulo a ku England ndi a mayiko ambiri amene anatengera kumeneko, munthu sangapezeke wolakwa pa mlanduwu pa mawu a mboni imodzi yokha yonena kuti ananama. Pamafunika umboni wina wowonjezera. Ndiponso kuluza mlandu sikutanthauza kuti mboni zanu zinanama. Boma likanati lizizenga mlandu mboni iliyonse imene woweruza sanaikhulupirire, palibe akanavomera kukaima m'bokosi.

Wina akundinamizira m'khoti. Nditani?

Musamuyandikire. Musamuimbire foni, musamutumizire uthenga, musatume m'bale kuti akalankhule naye, ngakhale mwaulemu. Zimenezo zimasanduka mlandu wosokoneza mboni, zingakuchotsereni belo, ndipo zimachititsa kuti bodza lake lioneke ngati loona.

Lembani lero lomwe zonse zimene mukukumbukira za tsikulo: kumene munali, nthawi, anthu amene anakuonani. Sungani mauthenga a pa foni, malisiti, matikiti ndi zithunzi, osafufuta kapena kukonza kalikonse. Za makamera fulumirani, chifukwa makina ambiri amafufuta okha zojambulidwa pakapita masiku kapena masabata ochepa. Uzani loya wanu chifukwa chimene munthuyo angakunamizireni, kaya ndi ngongole, mkangano wa malo kapena nsanje, ndipo mumuuze ngakhale zimene zikukuchititsani manyazi, kuti asakadzidzimuke nazo m'khoti. Pemphani masitetimenti a mboni za boma. M'mayiko ambiri ndi ufulu wanu kuwaona mlandu usanayambe.

M'khotimo musadule mboni pakamwa kapena kufuula kuti ikunama. Lembani pa pepala, mudikire nthawi yanu. Ngati mulibe loya, pali lamulo limodzi lofunika kulidziwa, limene linachokera pa mlandu wa Browne ndi Dunn mu 1893: mfundo iliyonse imene mukuitsutsa muyenera kuiika pamaso pa mboniyo idakali m'bokosi, kuti iyankhepo. Mukaisiya kuti ituluke osaifunsa, khoti lingaone ngati mwavomereza. Funsani mafunso afupiafupi, mfundo imodzi pa funso limodzi. Ndipo musayese kuzimitsa bodza ndi bodza linzake pobweretsa mboni zanu zopangana.

Kodi ndingamusumire wondinamizirayo kuti andipatse chipukuta misozi?

M'mayiko otsatira malamulo ochokera ku England, zimene mboni yanena m'khoti sizisumiridwa ngati kuipitsa mbiri, n'cholinga choti mboni zizilankhula mopanda mantha. Chotheka n'kukadandaula kupolisi kapena kwa woimira boma kuti aizenge mlandu wa umboni wabodza. Njira ina ndi kusumira munthu amene anayambitsa mlandu wonsewo mwanjiru popanda chifukwa chomveka, koma mlandu woyambawo uyenera kukhala utatha mokomera inu, ndipo muyenera kusonyeza njiruyo.

Ndinanama kale nditalumbira, kapena wachibale akundipempha kuti ndikamunamire. Pali pothawira?

Ngati simunapereke umboni, kanani. Amene akukupemphaniyo akukuikani pa mlandu umene mwina chilango chake n'chachikulu kuposa chake, ndipo loya wa mbali inayo akakufunsani tsatanetsatane amene simunakonzekere. Mawu akuti "sindikukumbukira" kapena "sindinaone" ndi yankho lokwanira ngati ali oona, koma kunamizira kuiwala nakonso ndi bodza.

Ngati munanama kale, onanani ndi loya wanuwanu, osati wa munthu amene munamunamirayo, ndipo chitani zimenezo chigamulo chisanaperekedwe. M'malamulo ena a ku America, kubweza mawu pa mlandu womwewo bodza lisanawononge kanthu ndiponso lisanaululike kumamuteteza munthu kuti asazengedwe. M'mayiko ena ambiri sikufafaniza mlandu, koma kumachepetsa chilango. Ngati munanama chifukwa choopsezedwa, nenani zimenezo ndipo mutchule amene anakuopsezani.

Bodza likaululika munthu atamangidwa kale, chimachitika n'chiyani?

Khomo ndi apilo, ndipo nthawi yochitira apilo ikadutsa munthu angapemphe chilolezo chapadera chobweretsa umboni watsopano. Makhoti amafuna kuona kuti umboniwo sukanapezeka pa nthawi ya mlandu, kuti ndi wokhulupirika, ndiponso kuti ukanatha kusintha chigamulo. Mboni yongobwera n'kunena kuti ndinanama saikhulupirira msanga, pakuti munthu amene wavomera kuti ananama atalumbira angakhale akunamanso tsopano, mwina atagulidwa kapena atamvera chisoni womangidwayo. Kubweza mawu kumalemera kukakhala ndi china chokuchirikiza, monga DNA, mapepala kapena mbiri ya mafoni.

Mayiko ena anakhazikitsa mabungwe apadera ounikanso milandu yotere. La ku England, Wales ndi Northern Ireland, lotchedwa Criminal Cases Review Commission, linayamba ntchito mu 1997, ndipo lili ndi mphamvu yofufuza palokha n'kubwezera mlandu kukhoti la apilo. Kumene kulibe bungwe lotere, womangidwa amadalira maloya othandiza anthu mwaulere, mabungwe omenyera ufulu, kapena pempho la chikhululukiro kwa mtsogoleri wa dziko. Achibale ake aonetsetse kuti katundu wa umboni ndi zolembedwa za khoti zisawonongedwe, chifukwa apilo yochedwa imaima pa zimenezo.